Dzina la Kuseri kwa Tsamba

Amayi anga sandiimbira foni nthawi ya ntchito. Amati kutero n'kuba nthawi ya abwana. Ndiye Lachiwiri lija, foni italira ndisanakhale n'komwe pampando, ndinadziwiratu kuti kunyumba kwagwa zina.

"Mwanawe, pano pafika azibambo awiri ndi tepi," anatero. "Ayeza kuyambira pageti mpaka kuseri kwa bafa. Wina wandipondera maluwa. Akuti nyumbayi akuigula."

"Akuigula kwa ndani?"

"Kwa msuweni wakoyo. Akuti mapepala ali ku ofesi kwanu komweko, akungodikira chidindo Lachisanu."

Ine ndimagwira ntchito ku ofesi ya kaundula wa malo, zaka khumi ndi zinayi tsopano. Anthu amabwera pazenera langa akulira kuti awalanda puloti, ine n'kumawauza kuti akhale pabenchi adikire nambala yawo. Sindinaganizepo kuti nkhani zoterozo zingafike pakhomo pathu.

Nyumbayo anamanga agogo anga aamuna, ya zipinda zitatu ndi khonde lopendekeka. Ana awo anali anayi: malume aakulu, amayi anga, malume aang'ono ndi mayi aang'ono. Enawo anabalalika, uyu ku ntchito, uyu ku banja. Amayi anga sanachokepo. Ndiwo anadwazika agogo onse awiri mpaka kuwatseka maso, ndiwo anasintha malata atayamba kudontha, ndipo ine ndinabadwira m'chipinda chapakati. Malume aang'ono anamwalira kale opanda mwana, mayi aang'ono ali kutali ndipo za nyumbayo alibe nazo ntchito. Malume aakulu anatisiya chaka chatha. Mwana wawo, msuweni wangayo, amagulitsa magalimoto akale, munthu woti angakugulitse galimoto yopanda injini iwe n'kumuthokoza.

Ndinamuimbira nthawi yomweyo.

"Asuweni, zimene ndikumvazi n'zoona?"

"Aaa, asuweni, musapse mtima m'mawa uno. Ndimati ndikuuzeni bwinobwino. Chikalata chili m'dzina la bambo anga, inu nomwe mukudziwa, si mumagwira ntchito komweko? Mayi anu aang'ono avomera kale. Azakhaliwo ndiwapezera kanyumba kena kabwino, ka madzi m'kati."

"Ka lendi?"

"Poyamba, inde."

"Ulibe manyazi iwe? Mayi amene ankakupukuta mamina ndi chitenje chawo?"

Anadula foni. Ndinatsegula kompyuta n'kulemba nambala ya puloti. Chithunzi cha tsamba lakale chinatuluka, choyera bwino, inki yakuda yopendeketsa. Pamzere wa mwini malo panali dzina la malume aakulu lokha.

Nthawi ya nkhomaliro ndinakwera basi kupita kwa amayi. Ndinkayembekeza kuwapeza akulira, koma ayi, ndinawapeza akudzutsa maluwa awo ndi kamtengo, akung'ung'udza nyimbo.

"Wabwereranji dzuwa lonseli?" anandifunsa. "Asiye ayeze mpaka tepi iwathere. Palibe chimene angachite. Dzina langa lili m'buku."

"Amayi, ndaona ndi maso angawa. Muli dzina la malume lokha."

"Waona kutsogolo. Tsiku limene bambo anapita kukalembetsa malo ano anatenga achimwene. Ine sindinapite, ndinali ndi pakati pako, miyendo itatupa ngati mitondo. Pobwera achimwene anakhala pakhonde pomwepa, anandigwira dzanja, anati, 'Mlongo wanga, usadandaule. Kutsogolo mzere ndi umodzi, alemba ine. Koma nonse akulembani kuseri ndi pensulo.' Iwe ukangotembenuza tsambalo basi, nanga ntchito yako ndi chiyani?"

Atangoti kuseri ndi pensulo, ndinayang'ana kumbali. Ndinapempha madzi akumwa kuti asandione nkhope.

Ndikuuzeni chimene chinandiopsa. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ofesi yathu inasamutsa mabuku onse akale kuwaika m'kompyuta. Anali mabuku akuluakulu, lina ukalinyamula umachita kubuula. Tinawadula kumsana kuti masamba alowe limodzilimodzi m'makina ojambulira. Koma pepala lakalelo ndi lopyapyala, kuwala kwa makina kunkapyola, ndipo chilichonse cholembedwa kuseri chinkaonekera m'chithunzi ngati litsiro. A kampani ya makina anadandaula. Abwana athu, amene timawatcha a Mawa chifukwa aliyense wofika kwa iwo amamuuza kuti abwere mawa, anabwera ndi katoni ya malabala n'kutigawira. Tinali akazi anayi patebulo lalitali. Miyezi isanu ndi iwiri tinkangofufuta, tikucheza za amuna athu ndi mitengo ya nsapato, zinyenyeswa za labala zili mbwee pamiyendo.

Sindinama, mayina ndinkawaona. Sabata yoyamba ndinafunsa n'kufunsa. A Mawa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anati, "Mayi, cha boma ndi cha inki. Cha pensulo ndi macheza a makalaliki." Ine n'kuseka nawo, chitsiru ine, n'kupitiriza kufufuta.

Lachitatu m'mawa ndinalowa mu ofesi yawo osagogoda.

"Bwana, fayilo ya puloti ija mukuti mudinda Lachisanu, m'nyumbamo mukukhala mayi anga."

"Pepani kwambiri," anatero, maso ali pa nyuzi. "Koma mapepala ali bwinobwino."

"Anthu amadikira chidindo chanu miyezi isanu ndi itatu. Iyi yokha mwaipezera changu?"

Anapinda nyuzi. "Samalani pakamwa panu, mayi. Wogulayo ali ndi loya, ndipo ine sindifuna kukakalambira ku khoti. Mukandibweretsera tsamba lenilenilo, dzina la mayi anu likuoneka kuseri, ndiika chiletso, nkhani ikambidwe ndi banja. Kupanda apo Lachisanu ndidinda."

"Likuoneka bwanji, poti munatiuza nokha kuti tifufute?"

"Mwina lina linakuphonyani. Munkacheza kwambiri patebulo paja."

Ndinatuluka ndisanalankhule zondichotsetsa ntchito. Komabe mawu awowo anandipatsa kachiyembekezo. Masamba anali zikwizikwi, ndipo mmodzi mwa anzanga aja ankafufuta mwaulesi, kungopaka kawiri n'kutembenuza. Ndinapemphera kuti buku lathu likhale kuti linagwera kwa iyeyo.

Masamba odulawo anawamanga m'mitolo ndi zingwe n'kuwaponya m'kontena, kuseri kwa malo oimika magalimoto. Woisamala ndi bambo wina wachikulire, timawatcha a Makiyi chifukwa ukawamva asanafike, makiyi akulira m'chiuno. Analowa ntchito pa ofesi yathu ali mesenjala, mabukuwo akadali amoyo. Nditawafotokozera, sanandifunse kalata yachilolezo. Anangopukusa mutu n'kunditsogolera.

Chitseko cha kontena chitatseguka, mpweya wotentha unatimenya kumaso, fungo la makoswe ndi pepala lonyowa. Mitolo inali yosanjikana mpaka kudenga, yopanda dongosolo lililonse. Mtolo uliwonse unali ndi kapepala pamwamba, kolembapo nambala ya buku, mawu oti "Zayeretsedwa," ndi saini ya amene anafufuta.

"Buku lanu ndi nambala chani, mwana wanga?"

"Makumi atatu ndi limodzi."

"Ndiye la pansi penipeni limenelo. Vulani nsapato zazitalizo."

Tinayamba kutulutsa mitolo umodziumodzi n'kumaisanja panja. A Makiyi ankalankhula akugwira ntchito, mwina pofuna kuti ndisalire.

"Mabuku amenewa anabwera ndi mzere umodzi wa mwini malo," anatero. "Amene anawasindikiza ankayesa malo ali ngati njinga, ya munthu mmodzi. Ndiye bambo wabwera ndi ana asanu, kalaliki atani? Kulemba anthu awiri pamzere umodzi linali tchimo, woyendera mabuku akapeza, ntchito yatha. Ndiye akuluakulu aja anangopangana okhaokha: inki kutsogolo, pensulo kuseri. Munthu akabwera kudzagulitsa malo, kalaliki ankayamba watembenuza tsamba. Akapeza mayina ankati, bwerera ukatenge abale ako. Ine ndinaona azibambo a matayi akubwezedwa pazenera paja ngati ana."

"Lamulo limenelo linalembedwa pati?"

"Paliponse ayi. Linkangoyenda pakamwa, wamkulu kuuza wamng'ono. Kenaka kunabwera makadi, kenaka mafayilo, akuluakulu aja anapuma, ena anafa. Otsala munali inu a makompyuta."

"Nanga inuyo bwanji simunanene pamene tinkafufuta?"

Anaima, mtolo uli m'manja. "Ndinanena. Anandifunsa kuti sukulu ndinalekezera pati."

Ndinachita manyazi mpaka kumapazi, chifukwa ndinakumbukira tsikulo. Ndinalipo, ndipo sindinawaikire kumbuyo.

Lachitatu lonse linathera pamenepo, buku osalipeza. Bulauzi yanga yoyera inasanduka ya khofi, zala zitachekekachekeka ndi zingwe. Anzanga ankasuzumira pazenera la ofesi, wina anafuula kuti kodi ndasintha ntchito. Ndinamuyankha mawu amene sindingawabwereze pano. Madzulo amayi anaimba, mawu awo ali osangalala, anati, "Watembenuza?" Ndinati bukulo lili posungira, ndiliona mawa.

Lachinayi, dzuwa litapendeka pang'ono, a Makiyi anakoka mtolo wina pakona, pansi pake patadyedwa ndi chinyontho. Anapukuta kapepala ka pamwamba ndi chala, anakayang'ana, kenaka anayang'ana ine.

"Ndi ili," anatero pang'onopang'ono.

Ndinalandira mtolowo. Buku la makumi atatu ndi limodzi. Zayeretsedwa. Pansi pake saini yanga, yokhotakhota monyada, mmene ndinkasainira nthawi imeneyo.

Mayo ine! Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Ine ndinali wakhama kuposa onse patebulo paja, ndinkafufuta mpaka pepala kuwala, a Mawa ankachita kundiyamikira pamaso pa anzanga. Tsamba la nyumba yobadwiramo ine linadutsa m'manja mwangamu, chadodolido, ine osaliona n'komwe kutsogolo kwake.

Ndinamasula chingwe n'kuyamba kuwerenga masamba. Ndinalipeza. Kutsogolo kunali monga m'kompyuta muja: nambala ya puloti, kukula kwake, dzina la malume, tsiku lolembetsa, chidindo chofiirira. Ndinapuma kaye, n'kutembenuza. Kunali mbee.

"Musafulumire kulira," anatero a Makiyi. "Kalaliki wa buku limeneli ndinkamudziwa, anali wa dzanja lolemera, ankathyola mapensulo atatu patsiku. Labala amachotsa makala, koma mkwaso wa pensulo umatsala. Lowani m'katimu, muyatse tochi ya foniyo, muigoneke cham'mbali."

Ndinalowa kumdima wa m'kontena, ndinayala tsambalo pa mtolo wina n'kugoneka foni mmene ananenera. Zoonadi, timizere tinayamba kutuluka papepala, tozama ngati tolemba ndi msomali. Pamwamba panali mawu oti "ndi abale ake," kenaka nambala wani, dzina la malume aang'ono, lonse lathunthu. Nambala thuu, dzina la mayi aang'ono. Ndinasuntha tochi kutsikira pansi.

Panalibenso kanthu. Pansi pa dzina lachiwirilo kalaliki anajambula mzere wautali wotsekera, wozama kuposa zonse, kuti wina asadzawonjezerepo.

Ndinatembenuza foni uku ndi uku, ndinayang'ana m'mphepete, m'makona, ndinapendeketsa pepala mpaka khosi kuwawa. A Makiyi anavala magalasi awo n'kuyang'ana nawo nthawi yaitali.

"Awiri okha, mwana wanga," anatero. "Apa pensulo sinapondepo."

Ndinabwerera kutsogolo kwa tsamba n'kuyang'ananso tsiku lolembetsa. Miyezi iwiri ine ndisanabadwe. Pamenepo zinthu zimene ndinkangozimva m'manong'onong'o pamaliro ndi pamaukwati zinalumikizana zokha. Amayi anatenga pakati panga ali pasukulu, bambo anga anakana n'kuthawa, ndipo agogo aamuna anatha chaka chathunthu osawalankhula amayi, akudya m'nyumba imodzi. Ndi m'kati mwa chaka chimenecho mmene anapita kukalembetsa malo. Anatchula ana awo pazenera, mmodzi n'kumudumpha. Malume aakulu anali pomwepo, anamva, ndipo pobwera kunyumba anagwira mlongo wawo dzanja n'kumunamiza.

Ndinapsa mtima, abale inu, ndinapsa mtima ndi anthu akufa. Agogo amene amayi anawatembenuza pamphasa zaka zitatu, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni! Anakhululukirana, inde, ankandinyamula paphewa agogowo, koma palibe anakumbuka kubwerera ku ofesi. Malume nawo zaka makumi anayi ankabwera kudzamwa tiyi pakhonde paja, osatsegula pakamwa. Kaya anaiwala, kaya ankaopa, kaya ankati poti ali moyo palibe adzavute. Sindidzadziwa.

M'chikwama mwanga munali pensulo. Ndinaitulutsa. A Makiyi anaiona, anatembenuka n'kuyang'ana panja.

"Ine maso anga ndi okalamba," anatero. "Koma loya uja ake ndi akuthwa. Tsamba loti munasainira nokha kuti layeretsedwa, lipezeke ndi dzina limodzi lakuda bii, la mayi anu, pansi pa mzere wotsekera? Nyumba ipitabe, inu mukagona kundende. Mayi anuwo adzawasunga ndani?"

Ndinaigwira pensuloyo mpaka inathyoka. Kenaka ndinabwezera tsamba m'malo mwake, tinamanga mtolo, tinabwezera mitolo yonse m'kontena. Kwa a Mawa sindinapiteko.

Ndinafika kwa amayi dzuwa likadalipo. Ndinawapeza pakhonde akusita zovala za kutchalitchi, wailesi ikulira pansipansi. Atandiona mmene ndinalili, fumbi mpaka m'tsitsi, anaimika simbi.

"Walipeza?"

"Ndalipeza, amayi."

"Ndiye?"

Njira yonse m'basi ndinkakonza mawu oti ndiwauze zoona. Koma pakhoma la pabalaza, kudzera pachitseko chotsegula, ndinkaona chithunzi cha agogo ndi cha malume, zopukutidwa bwino, kansalu koluka kali pamwamba. Mayi ameneyu mawa lake ankataya nyumba. Ndinalephera kuwalanda bambo awo ndi mchimwene wawo tsiku lomwelo.

"Kuseri kulibe kanthu," ndinatero. "Pamene tinkaika mabuku m'kompyuta anatiuza kuti tifufute za pensulo zonse. Buku lathulo linagwera kwa ine. Ndinafufuta ndine, amayi. Saini yanga ili pomwepo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mlendo wosokera pakhomo. Anakhala pansi pang'onopang'ono pa mpando wa agogo.

"Iwe?"

"Ine."

"Ndi dzanja lakoli?"

"Inde, amayi."

"Sunawerenge n'komwe? Ndinakuphunzitsa sukulu ndi mandasi a pamsewu kuti uzikafufuta mayi ako?"

Misozi inkangotsika yokha, ndipo sanandiuze kuti nditonthole. Wailesi inkalengeza za mpira. Patapita nthawi anafunsa, mawu atatsika kwambiri.

"Koma linalipo?"

"Linalipo."

"Waona chizindikiro chake?"

"Ndaona. Kalalikiyo anali wa dzanja lolemera. Mayina atatu, lanu loyamba."

Anatseka maso n'kugwedeza mutu kangapo. Nkhope yawo inamasuka pang'ono, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa kuja.

"Ndinadziwa," anatero. "Bambo anali wokwiya, koma sakanandisiya panja. Achimwene sakanandinamiza."

Anadzuka, anazimitsa simbi, anapinda diresi ija isanathe kusitidwa. Analowa pabalaza n'kuyamba kutsitsa zithunzi pakhoma, choyamba cha agogo, kenaka cha malume. Ndinathamanga kuti ndiwalandire, poti mpando umene anakwerapo unali wogwedera.

"Usagwire," anatero osandiyang'ana. "Ndinyamula ndekha. Iwe mawa ubweretse makatoni."